Bwalo la Agogo: Mlandu wa Oseka Kamakina ka Apolisi

Bwalo lakhala. Woweruza ndine, woimira boma ndine, mboni ndine ndemwe, ndipo apilo kulibe. Oimbidwa mlandu ndinu nonse adzukulu anga, kuyambira amuna anga a ndevu zowerengeka aja mpaka mkazi mnzanga wamng'onoyu, amene akuganiza kuti sindikuona foni yomwe waibisa m'chitenje. Itulutse, mayi. Mafoni onse agone chafufumimba m'lichero umu, ndipo amene yake ilire alipira chindapusa chotsuka mapoto.

Mlandu wanu ndi woseka. Ndimakuuzani bwinobwino kuti m'mizinda ina ya kunja makhonsolo amakhala pansi, kukangana za bajeti, kenako n'kugulira apolisi awo timakina ta dijito tojambula mawu, toti wapolisi aziyenda nato m'thumba kapena kutiika patebulo akamafunsa munthu mafunso. Inu munafa nazo kuseka. Wina anati, "Agogo, mawu okha opanda chithunzi, imeneyonso ndi nkhani?" Wina anati foni yake yosweka galasi ija imachita zomwezo, ndiye kumeneko n'kutaya ndalama. Wachitatu sanayankhe chifukwa anatanganidwa n'kundijambula ine, kuti anzake akaseke mano anga otsalawa. Nonse ndakupezani olakwa. M'bwalo langa chigamulo chimayamba, umboni umatsatira pambuyo.

Chondidabwitsa n'chakuti inu ndinu mtundu wa anthu ojambula. Nsima isanadyedwe mwajambula. Maliro mwajambula mpaka bokosi kutsika. Galimoto ikagwera m'ngalande mumathamanga foni ili patsogolo, manja othandizira mwaiwala kunyumba. Ma voice note anu ndiye osakamba. Amuna angawa ananditumizira ina yaitali, ndinateleka ndiwo mpaka kupsa iwo akuyankhulabe, pomwe mutu wa nkhani unali kupempha ndalama ya bandulo yoti atumizire ina. Zonse zopanda nazo ntchito mumasunga. Koma chipinda chimodzi chomwe mawu a munthu angamugoneke kundende zaka 20, m'menemo ndiye mukuti kujambula n'kuwononga ndalama.

Ine chipinda chimenecho ndimachidziwa, ngakhale sindinagonemo. Ndinali wotayipa pa khoti lina la majisitireti, nthawi yomwe pepala lililonse linkafuna kaboni, ndipo chilembo chimodzi chikalakwika unkafufuta tsamba ndi tsamba mpaka lapansi. Masitetimenti ankatipeza atalembedwa pamanja. Wapolisi afunsa, munthu ayankha m'Chichewa kapena m'Chiyao, wapolisi alemba zomwe wagwira, nthawi zambiri m'Chingerezi, amuwerengera, kenako asaine kapena adinde chala. Sindikunena kuti onse ankanama, ayi. Ambiri anali anthu oongoka, otopa, a bolopeni yoti uigwedeze kaye isanalembe. Koma dzanja silingapikisane ndi pakamwa. Munthu woti wayankhula mpaka dzuwa kupendeka, mawu ake ankakwana tsamba limodzi ndi theka. Ndinkatayipa sitetimenti ya mkulu wa kumudzi amene wotchi sanavalepo, koma papepala akutchula tsiku, ola ndi mphindi zomwe. Tsiku la mlandu iye n'kuimirira: "Bwana, zimenezo ine sindinanene." Wapolisi n'kuimiriranso: "Ananena, bwana." Majisitireti ayang'ane uku, ayang'ane uko. Mboni yachitatu inali khoma, ndipo khoma sililumbira.

Sitetimenti yapamanja ili ngati ufa woyera. Chimanga chakonoledwa, chanyikidwa, chagayidwa, chasefedwa, ndipo chotsalacho n'chosalala, chokoma m'maso. Koma gaga watayidwa, pomwe woweruza amafuna gagayo: funso linafunsidwa motani, anayamba kutchula mpeni ndani, munthuyo anakana kangati asanavomere, kodi ankalira, kodi anapempha madzi, nanga chinamveka n'chiyani pamene onse anakhala duu. Kamakina mukukasekako kamasunga zimenezo.

Popeza simukhulupirira chinthu chikapanda kuchitikira kunja, tiyeni ku London. Mu Epulo 1972, m'dera la Catford, ozimitsa moto anapeza mtembo wa Maxwell Confait m'nyumba yomwe inkapsa. Apolisi anagwira anyamata atatu, wa zaka 14, wa zaka 15 ndi wa zaka 18, misinkhu yanu yomweyi. Wamkuluyo nzeru zake zinali za mwana wa zaka 8. Anawafunsa popanda kholo, popanda loya, ndipo posakhalitsa anali atavomera za imfayo ndi za motowo. Khoti linawapeza olakwa. Mpaka mu 1975 m'pamene khoti la apilo linafafaniza zigamulozo, zitaoneka kuti nthawi yomwe munthuyo anamwalira sinkagwirizana ndi zomwe anyamatawo anavomera. Madzulo amenewo wamkulu uja anali ku kalabu ya achinyamata ya Salvation Army, anthu akumuona ndi maso awo.

Ndikuona mlomo wako ukugwedezeka, ukufuna kufunsa kuti munthu angavomere bwanji chomwe sanachite. Iweyo amene unavomera kuti unanyambita shuga, pomwe ananyambita ndi mchemwali wako, kungoti ndisiye kukuyang'ana? Ameneyo anali maso a agogo ako chabe, masana, amako ali pakhonde. Ndiye uganize usiku, njala ili m'mimba, pamaso pa abambo achilendo amene akukuuza kuti ukangovomera upita kwanu.

Nkhani ya anyamatawa inachititsa manyazi akuluakulu a ku Britain. Sir Henry Fisher anafufuza, ndipo lipoti lake la mu 1977 linadzudzula momwe anawo anafunsidwira. Kenako panabwera komishoni yachifumu yomwe inapereka lipoti mu 1981, ndipo mu 1984 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Police and Criminal Evidence Act, imene kumeneko amangoti PACE. Pansi pa lamulo limeneli mwana, kapena munthu wovutika nzeru, safunsidwa popanda wamkulu womuyang'anira. Ndi lomwelinso linalowetsa kaseti m'zipinda zofunsira mafunso ku England ndi Wales, moti pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kujambula kunali kutakhazikika.

Tamverani mwambo wake, mwina mutolapo ulemu. Wapolisi ankabwera ndi makaseti awiri atsopano, n'kung'amba pulasitiki wake pamaso pa woganiziridwayo, kuti aone yekha kuti mulibe kanthu. Onse awiri ankalowa m'makina amodzi a zitseko ziwiri n'kumazungulira limodzi. Makinawo ankayamba alira kaye, ndipo kulirako kukatha wapolisi ankatchula dzina lake, udindo wake, malo, tsiku ndi nthawi. Aliyense wokhala m'chipindamo ankadzitchula ndi pakamwa pake, ngakhale loya. Ndiyeno chenjezo, lakuti sukukakamizidwa kunena kanthu. Wina akalowa kapena kutuluka, wapolisi ankauza makinawo. Akafuna kupumira, ankatchula nthawi asanazimitse. Pomaliza kaseti imodzi ankaimata ndi chipepala, woganiziridwayo n'kusainapo, ndipo imeneyo sinkatsegulidwa chisawawa. Inzakeyo ndiyo inkayenda m'maofesi.

Ndiye tadzioneni inu. Voice note yanu imayamba ndi "Agogo mundiponyereko," popanda moni, popanda kunena kuti ndine uje mwana wa uje, ngati kuti mdzukulu ndili naye mmodzi. Wapolisi wa ku London ankalemekeza kaseti kuposa momwe inu mumalemekezera mayi wa amanu.

Apolisi ambiri kumeneko sanakondwe nazo poyamba. Ankaopa kuti anthu akaona makina atseka pakamwa. Patapita nthawi ambiri anazikonda, chifukwa mkangano uja wa "ananena, sindinanene" unachepa, ndipo wapolisi woongoka anapeza mboni yomuikira kumbuyo akanamiziridwa kuti anaopseza munthu. Izi ndikunenera iwe amene ukuthamanga m'mawa uliwonse pokonzekera kukalembedwa upolisi: kamakina aka si mdani wako, pokhapokha ngati uli ndi maganizo ena amene sunandiuze. Makaseti aja anapuma pantchito monga ine, m'malo mwake munalowa makina a dijito otumiza mawu ku kompyuta yotetezedwa, koma mwambo wotchula maina ndi nthawi ulipobe.

Tsopano konzani nkhope, chifukwa tikupita ku Chicago, ndipo kumeneko nthabwala zimandithera ngakhale ine. Mumzinda umenewo munali mkulu wina wa apolisi, Jon Burge. Kuyambira m'ma 1970 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1990, iye ndi gulu lake ankazunza anthu, ambiri mwa iwo akuda, kuti avomere milandu. Ena ankawalumikiza ku nthambo za magetsi. Ena ankawaphimba kumutu ndi pulasitiki wovundikira taipilaita mpaka kubanika. Pulasitiki ameneyo ine ndimamudziwa: wotuwa, wokhuthala, tinkavundikira makina poweruka kuti fumbi lisalowe, m'mawa n'kumupinda bwinobwino kumuika m'dirowa. Kuti munthu angamuyang'ane n'kuganiza za mutu wa mnzake, zimenezo mpaka lero zimandikanika. Ndipo masitetimenti a anthu amenewo anatuluka aukhondo, mizere yoongoka, siginecha pansi.

Burge anachotsedwa ntchito mu 1993. Mu 2010 anapezeka wolakwa pa mlandu wonama polumbira za nkhanzazo, chifukwa nthawi yomuzengera nkhanza zenizenizo inali itadutsa. Mu Januwale 2003 bwanamkubwa wa Illinois, George Ryan, anakhululukira amuna anayi amene ankadikira chilango cha imfa, omwe ankati anavomera chifukwa chozunzidwa. Chaka chomwecho Illinois inakhazikitsa lamulo lakuti apolisi azijambula akamafunsa munthu amene ali m'manja mwawo pa mlandu wakupha. Amene anayenda nayo biluyo, kunyengerera apolisi ndi oimira boma pa milandu mpaka kugwirizana nayo, anali phungu wa m'nyumba ya malamulo ya chigawocho, Barack Obama, yemwe ena mwa inu munayamba kumudziwa ngati dzina la banzi. Mu 2015 khonsolo ya Chicago inavomereza madola 5.5 miliyoni opepesera ozunzidwa aja. Iwe wa masamu amene umati n'kutaya ndalama, tenga pensulo, undiuze kuti ndalama imeneyo ikanagula timakina tingati.

Koma musathamangire kuwomba m'manja, poti kamakina pakokha si mankhwala. Mu 1989 ku New York mayi wina amene ankathamanga mu Central Park anagwiriridwa n'kuvulazidwa koopsa. Anyamata asanu, a zaka 14 mpaka 16, anaimbidwa mlanduwo. Anayi mwa iwo anajambulidwa pa vidiyo akuvomera, chithunzi ndi mawu omwe, zija inu mumati ndiye zenizeni. Kungoti kamera inayatsidwa kumapeto, anyamatawo atapanikizidwa kale ndi mafunso kwa maola ambiri popanda chojambula chilichonse. Khoti linaona mathero okha. Anakhala kundende mpaka unyamata kuwathera, ndipo zigamulo zawo zinafafanizidwa mu 2002, Matias Reyes ataulula kuti anachita yekha, DNA n'kutsimikiza. Mu 2014 mzindawo unavomera kuwalipira madola 41 miliyoni. Mmodzi wa asanuwo, Yusef Salaam, anasankhidwa kukhala khansala wa New York mu 2023, n'kupatsidwa upampando wa komiti yoona za chitetezo, imene imaitana akuluakulu a polisi kudzayankha mafunso.

Kuyatsa kamera mochedwa kumeneku ndiye luso lanu. Munandijambula ndikukalipira mwana wa aneba, n'kutumiza kachigawo kokalipa kokhako. Pamene amagenda mango anga mpaka mwala kugwera pa malata panalibe wojambula. Pamene ndinamuitana n'kumudzazira mango m'malaya, batire akuti inatha. Mpaka lero amayi a kumpingo amandipatsa moni cham'mbali.

Choncho mukamva kuti mzinda wakutiwakuti wagulira apolisi ake timakina timeneti, kaya ndi kutali kaya tsiku lina kuno kwathu, siyani kuseka, funsani mafunso a anthu akulu. Kamayatsidwa nthawi yanji, ndipo wozimitsa pakatikati amayankha kwa ndani? Mawu akajambulidwa amapita kuti, ndipo wojambulayo angathe kuwafufuta yekha? Apa m'pamene foni yako yosweka galasi ikulephera. Foni ndi ya mwini wake: lero ajambula, mawa afufuta kuti mulowe nyimbo, mkuja aigulitsa kumsika mawu a anthu ali momwemo. Kamakina kantchito koyenera kamakhala ndi nambala yake, kamadinda tsiku ndi nthawi pa chilichonse chojambulidwa, ndipo mawuwo amakasungidwa pamalo poti aliyense wotsegula dzina lake limatsala. Imeneyo ndi ntchito yomwe inkagwiridwa ndi kaseti yomata ija. Mlandu suwola, ndiye mawu a chaka chino ayenera kudzapezeka apilo ikadzabwera mwana amene ali kumsana lero atayamba sukulu.

Posungirapo pakhalenso pokhoma, chifukwa ndimakudziwani. M'timakinamo simudzakhala mawu a akuba okha. Mudzakhala mawu a mtsikana amene wabwera kudzadandaula za zomwe anamuchita amalume ake, ndi a mboni imene ikuopa kuti aneba angadziwe kuti yaulula ndi iyo. Mawu otere akangodontha n'kufika pa WhatsApp, inu mudzawamwaza m'magulu onse dzuwa lisanalowe, kenako n'kumati munangolandira.

Funsaninso za batire. Ndaona katundu wambiri akubwera ndi mwambo, riboni kudulidwa, alendo kumwa zoziziritsa kukhosi, kenako n'kukatsekeredwa m'kabati chifukwa tchaja inasowa kapena amene anaphunzitsidwa anasamutsidwa. Kugula sikuvuta. Kumavuta chaka chachitatu, pofunika ndalama ya mabatire, ya posungira mawu, ndi ya munthu woti akhale pansi, zomvera zili m'makutu, kulemba zonse zomwe zinanenedwa kuti woweruza awerenge. Eya, wotayipa. Munkati ntchito yanga inafa? Ola limodzi la mawu limadya maola angapo kuti lilembedwe bwino, makamaka anthu akamayankhula mopikisana monga mumachitira inu.

Ndipo musaganize kuti kamakina kadzamva wapolisi yekha. Kamene kali m'thumba la wapolisi wa pamsewu kamamva mbali zonse. Iwe wa kabaza, amene ukagwidwa opanda chisoti umabwera kuno nkhope yachisoni n'kumati "Agogo, ine sindinayankhule mwano," tsiku limenelo tidzamvetsera tonse pabwalo pano. Kadzamva amene wapempha ya fanta, kadzamvanso amene wayamba kunong'ona kuti "Bwana, tingomvana." Ndikuona ena mwasiya kumwetulira.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo ayi. Malamulo athu ozengera milandu tinatengera kwa Angerezi omwewo, ndipo m'malo ambiri bolopeni ikadali mfumu. Gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code limalola khoti kumva sitetimenti yovomera mlandu ngakhale mwini wake akunena kuti anamukakamiza. Woweruza ndiye aone pambuyo pake ngati munthuyo anainenadi, komanso ngati zili m'menemo n'zoona. Katundu ameneyo ndi wolemera kumusenzetsa munthu amene m'chipindamo munalibe, m'manja mwake muli pepala lokha.

Pamene tikudikira timakina, muli ndi gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe ndikukayika ngati mmodzi wa inu analiwerengapo, chonsecho mawu a nyimbo zopanda mutu mumaloweza usiku umodzi. Limati ukamangidwa uuzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chomwe umamva. Uli ndi ufulu woonana ndi loya. Usakakamizidwe kuvomera mlandu. Ufikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Ndipo uli ndi ufulu wokhala chete, ufulu umene m'nyumba muno palibe anayesapo kuugwiritsa ntchito. Tsiku likadzakugwera, usathawe, usatukwane. Tchula dzina lako, funsa mwaulemu kuti "Bwana, ndalakwa chiyani?" ndipo pempha kuti akwanu adziwitsidwe. Pepala lomwe sunaliwerenge, kapena sanakuwerengere mpaka kumapeto, usalisaine chifukwa chofuna kukagona. Patebulo pakadzakhala kamakina, uone kuti kayaka funso loyamba lisanafunsidwe.

Tsopano chilango. Munthu akamalowa m'chitokosi, lamba, zingwe za nsapato ndi foni zimatsala pa kauntala. Wapolisi wachifundo akadzati "Tiimbire ndani?" mudzayankha chiyani, inu amene nambala ya amanu imadziwika ndi foni yokha? Choncho bwalo likulamula kuti pofika Loweruka aliyense aloweze pamtima manambala awiri a anthu akulu a pabanja pano, pamodzi ndi maufulu asanu ndatchulawa, adzalakatule pamaso panga ataimirira, manja kumbuyo. Wolephera adzasenza thumba kupita nalo kuchigayo, wapansi, anzake akuona. Nambala ya amalume anu a ku Lilongwe musavutike nayo, amenewo akaona nambala yachilendo sayankha.